Nyali Yosazima pa Galimoto ya Atsibweni

Abale anga a pa migodi, masiku ano ambiri a ife tikasunga ndalama pang'ono tiganiza zogula galimoto ya katundu, imene ku Joni amati bakkie, ku Malawi pikapu, ndipo kuno ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia timati vaneti. Yatsopano sitingaikwanitse, cifukwa cace tigula yakale imene yapita kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Tsono pa galimoto zotere pali kanyali kamodzi ka cikasu, kokhala ndi cithunzi ca injini kapena mau akuti Check Engine, kamene kadya ndalama za amuna ambiri ogwira nchito pansi. Ine ndine kalaliki wa mu ofesi ya matikiti pa mgodi wina kufupi ndi Kitwe. Sindine makaniko ai, sukulu yanga ndi ya pulaimale ya pa mishoni kwathu ku Katete. Koma ndifuna kukuuzani mmene tinalondolera nyali imeneyi pa galimoto ya atsibweni anga, kuti wina akakomana nayo adziwe poyambira.

Atsibweni anagwira nchito pansi pa mgodi zaka 26. Itatsala miyezi 5 kuti apume, anatenga zimene anasunga nagula vaneti ya petulo ya masilinda 4, yopangidwa mu 2008, imene inali itayenda kale makilomita 310,000. Maganizo ao anali akuti akakafika kumudzi azikanyamula cimanga, mtedza ndi mpendadzuwa za anthu kumka nazo ku misika ya ku Katete ndi ku Chipata. Iwo anali kunena kuti, "Msana wanga watha, tsono khasu la ukalamba wanga ndi ili." Mwa ici mudziwe kuti galimotoyo siinali ya cionetsero ai; munali thukuta la zaka zonse zija.

Pa sabata yacitatu nyali ija inayaka, osazimanso. Cozizwitsa cinali cakuti pa mseu galimoto inali kuyenda bwino ndithu. Koma ikaima pa maloboti kapena pa mzere wa pa geti la mgodi, injini inali kunjenjemera pang'ono monga munthu wa malungo, ndipo kawiri konse inazima yokha.

APHUNGU A MU KOMBONI

Mudziwa nonse kuti mu komboni galimoto ikadwala asing'anga aculuka. Woyamba anati, cotsani waya wa batire mphindi 10. Anacotsa, nyali inazimadi, ndipo madzulo amenewo atsibweni anamgulira munthuyo cakumwa. Tsiku lacitatu inayakanso. Waciwiri anati mapulagi atha. Anagula mapulagi 4 atsopano, nazimanso nyali ndi batire, ndipo tsiku lacitatu inayakanso. Wacitatu anati petulo wa masiku ano ngwakuda. Anasintha fyuluta ya petulo nathira mankhwala a m'botolo mu thanki. Cimodzimodzi. Mnyamata wina anawerenga pa foni kuti citsekero ca thanki cikapanda kumanga bwino nyali iyaka, ndipo atsibweni anagula citsekero.

Potsiriza anapita ku garaja ina ya m'tauni imene iri ndi makina oyesera. Mnyamata wa kumeneko analowetsa makina ace, napenya mphindi imodzi yokha, nati, "Bambo, oxygen sensor yafa." Anagula sensa yatsopano, imene mtengo wace unapambana zonse zija pamodzi, mnyamatayo anafafaniza nyali ndi makina, atsibweni nabwera kunyumba akuimba likhweru. Tsiku lacitatu inayakanso. Atabwererako anauzidwa kuti tsopano bvuto liri mu cimgolo ca pa ekzozi cimene amati catalytic converter, ndi kuti kuli bwino kungocicotsa, ndi kumata tepi wakuda pa nyali kuti isawasautse maso.

Pofika apa malipiro a mwezi wathunthu anali atathera mu galimoto, ndipo zinali ndalama za malata a nyumba ya kumudzi. M'nyumba munalibe mtendere, pakuti akazi ao anali kufunsa ngati mvula ikadza adzafolera nyumba ndi mapulagi. Lamulungu lina atsibweni anandiitana nati, "Mphwanga, iwe uwerenga Cingelezi, ndipo nchito yako ndi ya mabuku. Tandiuza cimene galimoto iyi idandaula, pakuti ine ndatopa kugula zitsulo." Ine ndinati, "Atsibweni, ndamva. Ndipatseni masabata awiri, koma pa masiku amenewa musagule kanthu kali konse, ngakhale wina alumbire."

KABUKU KA GALIMOTO

Zida za kalaliki ndi buku ndi pensulo, ndipo ndinayamba ndi zomwezo. Ndinalemba mizere ya tsiku, ya malo, ya kutentha kwa injini, ya liwiro, ndi ya cimene cinacitika. Ndinafunsa atsibweni za nthawi zonse zimene nyali inayakanso, ndipo pamodzi tinakumbukira 5. Pambuyo pace tinaizima ndi batire kawiri mwadala, ine ndikukwera nao popita ndi pobwera ku nchito. Kabukuko kanaonetsa zinthu ziwiri zimene panalibe anazipenya. Coyamba, nyali siinayakepo pa mseu waukulu wa Kitwe ndi Ndola, kumene galimoto ithamanga. Nthawi zonse inayaka galimoto iri ciimire, injini itatentha kale. Caciwiri, siinayakepo tsiku lomwelo lozimidwa, koma laciwiri kapena lacitatu.

Ndi kabuku kameneka ndinapita kwa mmisiri wina wacikulire wa mu shopu ya galimoto za pa mgodi, munthu wa kwathu komwe kum'mawa, amene anayamba nchito nthawi ya kabureta. Iye anawerenga mizere yanga mosafulumira, nati, "Mwanawe, khala pansi, uyambe wadziwa cimene nyali iyi iri."

Anati galimoto zambiri zakale za kabureta zinalibe nyali yotere, cifukwa munalibe kompyuta. Inadza kaamba ka malamulo a utsi. M'mizinda monga Los Angeles utsi wa galimoto unali kudwalitsa anthu, ndipo boma la California linakakamiza opanga galimoto kuti acepetse utsi woipa. Mu 1976 kampani ya Bosch inatulutsa sensa yonunkhiza mpweya wa mu ekzozi, imene inaikidwa poyamba pa galimoto za Volvo. Kuyambira 1996 galimoto zazing'ono zonse zogulitsidwa ku America zinayenera kukhala ndi njira imodzi yodziyesa zokha, dzina lace OBD-II, ndi bowo la mano 16 pansi pa ciongolero. Ku Ulaya lamulo lotere linayamba mu 2001 pa za petulo, ndi mu 2004 pa za dizilo. Kuno kwathu zinacedwa, ndipo cifukwa cimodzi cinali cakuti petulo wathu anali ndi mtobvu, umene uononga sensa ija pamodzi ndi catalytic converter. Petulo wa mtobvu analekeka m'maiko athu ano poyamba pa caka ca 2006.

Za masiku atatu aja anandimasulira motere. Pa zolakwa zambiri kompyuta ya galimoto siifulumira kuweruza. Ikaona colakwa ulendo umodzi icilemba mwakacetecete, niyembekeza. Ikacionanso pa ulendo wotsatira, pamenepo ndipo iyatsa nyali. Tsono munthu akacotsa waya wa batire sakonza kanthu ai, angong'amba tsamba la m'buku. Kompyuta iyambanso kuphunzira kucokera pa ciyambi, ndipo ikafika pa colakwa comwe cija kawiri, nyali ibwera. Ndico cifukwa cace mankhwala onse a mu komboni anaoneka ngati agwira nchito masiku awiri.

NAMBALA SIICHULA MWINI MLANDU

Mmisiriyo anatibwereka kacipangizo kakang'ono ngati bokosi la macesi, ka mtundu wa ELM327, kamene kalowa pa bowo lija la mano 16 ndi kulankhula ndi foni. Ndicenjeze pano kuti galimoto zina zakale, makamaka zocokera ku Japan, ziri ndi bowo lomweli koma sizimvana ndi tizipangizo tochipa. Zimenezo zifuna makina akulu a ku garaja. Yathu inabvomera. Pa foni panatuluka nambala imodzi yokha, P0171, ndi mau a Cingelezi akuti System Too Lean.

Nambala izi ziri ndi tanthauzo monga nambala za matikiti athu. P ndiye injini ndi magiya. 0 ndiye kuti nambalayo ndi imodzimodzi pa galimoto za mitundu yonse. 1 ndi cigawo ca petulo ndi mpweya. Ndipo 71 ndiyo nkhani yeni-yeni, yakuti mpweya waculuka, petulo wacepa. P0301 inena kuti silinda yoyamba iphonya moto, P0302 yaciwiri. P0420 kuti catalytic converter siiyeretsa utsi mokwanira. P0135 kuti waya wotenthetsa oxygen sensor wabvuta. Za citsekero ca thanki ndi zoona pa galimoto zambiri zopangidwira ku America, koma nambala yace ndi ina, monga P0455, ndipo ife tinalibe.

Apa ndi pamene ndifuna mumvetse, pakuti ndi pamene ndalama za anthu zitaikira. Ine mu ofesi, munthu akapanda kudinda tikiti lace mmawa, ndilemba kuti sanabwere. Buku langa silinama. Koma buku silinena cifukwa cace: kaya wadwala, kaya kuli maliro, kaya basi inafera pa njira, kaya anabwera koma makina odindira sanamuwerenge. Kapitao wanzeru ayamba wafufuza asanadule malipiro a munthu. Nambala ya galimoto iri comweco. P0171 siinena kuti oxygen sensor yafa. Inena kuti oxygen sensor yaona kanthu. Mnyamata wa ku garaja uja anamanga mboni, wakuba namsiya.

Injini ya petulo ifuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera kwace. Kuti muyeso umenewu usasokonezeke pali anchito atatu. Woyamba ndi sensa ya pa njira yolowera mpweya, kuseri kwa fyuluta, imene amakaniko amati airflow. Iyo iwerenga mpweya wonse wolowa. Waciwiri ndi kompyuta, imene ilamula ma injekita kupopera petulo molingana ndi ciwerengero cimeneco. Wacitatu ndi oxygen sensor ya mu ekzozi, imene inunkhiza utsi ndi kubweza mau ngati mpweya watsala wosapsa. Ikabweza mau otere kompyuta ionjeza petulo pang'ono, ndipo kuonjeza kumeneku amati fuel trim. Pa galimoto yabwino sikupitirira magawo 10 pa 100. Koma kukafika ca m'ma 20 kapena 25, kompyuta iona kuti cina calakwika, nilemba P0171.

Tiyerekeze ndi khichini ya pa mgodi. Kalaliki wa pa geti awerenga amuna 100, wophika aphika nsima ya amuna 100, koma odya ndi 120, cifukwa 20 alowera pa ciboo ca mpanda. Munthu wokanena kuti anthu sakukhuta sanama ai. Mungathe kumcotsa nchito ndi kulemba wina, koma watsopanoyo adzanenanso zomwezo. Ndi zimene zinacitikira atsibweni ndi sensa yao yatsopano. Mmisiri anati sensa ya mtundu umene uli pa galimoto yathu, ikakhala yamoyo ndi yotentha, magetsi ace abvina pakati pa mavoti 0.1 ndi 0.9, ndipo makina omwe aja a ku garaja akadaonetsa zimenezi asanaicotse yakaleyo.

OGANIZIRIDWA ANAI

Mmisiri anawerenga pa zala zace amene angabweretse P0171. Kapena mpweya ulowera pa mng'alu wa paipi osawerengedwa. Kapena airflow yada ndi pfumbi, ndipo iwerenga mocepa. Kapena pampu ya petulo yafooka, kaya ma injekita atsekeka, kotero kuti petulo safika wokwanira. Kapena ekzozi yabooka utsi usanafike pa sensa, ndipo mpweya wa kunja unamiza sensayo. "Onsewa nambala yao ndi imodzi," anatero. "Wogulitsa zitsulo ayamba ndi cokwera mtengo, koma ife tiyambe ndi mafunso aulere."

Yankho la funso loyamba linali kale mu kompyuta. Nthawi imene iyo ilemba colakwa, isunganso mmene zinthu zinaliri pa mphindi yomweyo. Zathu zinali zotere: liwiro 0, injini kuzungulira ka 780 pa mphindi, madzi a mu injini madigiri 88. Zinabvomerezana ndi kabuku kanga. Funso laciwiri linali la ekzozi. Mmisiri anatseka kumapeto kwace ndi nsanza kamphindi, namvetsera, ndipo panalibe pena potulukira utsi. Pa funso lacitatu tinaliza injini kufikira itatentha, ndi kupenya fuel trim pa foni. Iri ciimire, kompyuta inali kuonjeza magawo 24 pa 100. Atsibweni ataponda moto kufika pa 2,500, nambala inatsika kufika pa 6.

Mmisiri anandiceukira nati, "Tanena, kalaliki, wakuba ndani?" Ine ndinabwerera ku khichini kuja. Anthu 20 olowera pa mpanda aoneka msanga pakati pa 100, koma pakati pa 1,000 saoneka. Injini iri ciimire, citseko ca mpweya cimene munthu atsegula poponda moto cikhala cotseka pafupi-fupi. Mpweya wolowa ndi wocepa, ndipo injini iyamwa mwamphamvu pa ciboo ciri conse, kotero kuti mpweya wakuba ukhala gawo lalikulu. Ikathamanga, citseko citseguka, wakuba uja namira m'khamu. Pampu yofooka ikadacita mosiyana: ikadakhala bwino poima, ndi kulephera pothamanga kapena pokwera phiri, pamene injini ifuna petulo wambiri. Airflow yakuda nayonso kawiri-kawiri ibvuta pothamanga. Cotero tinadziwa kuti tifune ciboo, ndi kuti ciri pakati pa citseko ca mpweya ndi injini. Mmisiri anaonjeza kuti galimoto zina ziribe airflow, koma sensa ina yoyesa kuyamwa kwa injini, imene amati MAP. Pa zotere ciboo cikweza kulira kwa injini poima.

Ku magaraja akulu apopera utsi m'mapaipi ndi kupenya potulukira. Ena awaza mankhwala otsukira kabureta namvera ngati injini isintha kulira, koma mmisiri wathu anakana, nati pa injini yotentha mankhwala amenewo agwira moto. Iye anatenga kapaipi ka madzi kotalika ngati mkono, naika mbali imodzi pa khutu, ina nayendetsa pang'ono-pang'ono m'mbali mwa mapaipi onse, manja ace ali kutali ndi fani ndi lamba. Anali kucita monga mucitira inu pansi, pogogoda denga ndi citsulo ndi kumvera pamene mwala ulira mphako.

Pansi pa manifodi, imene igawa mpweya ku masilinda, pa malo osaoneka ndi maso, anamva kamluzu. Panali kapaipi ka mphira kokhota ngati cigongono, kamene katenga mpweya wa oilo kucokera pamwamba pa injini kumka nao ku manifodi kuti ukapse. Amakaniko amati paipi ya PCV. Pamwamba kanali kuoneka bwino, koma pansi pace kanali kouma ngati cikopa cakale cifukwa ca moto ndi oilo, ndipo kanali ndi mng'alu wotalika ngati cikhadabo. Anakulungapo nsanza yonyowa, ndipo nthawi yomweyo kunjenjemera kunaleka, nambala ya pa foni niyamba kutsika ife tikupenya.

Titakacotsa, atsibweni anakagwira m'manja nthawi yaitali osanena kanthu. Pambuyo pace anati, "Kodi kameneka ndiko kadya malata anga?" Kapaipi katsopano ndi zomangira zace ziwiri mtengo wace sunapambane wa nkhuku imodzi.

IZIME YOKHA

Titamanga katsopano, atsibweni anafuna kuti ndifafanize nyali ndi foni. Mmisiri anakana. "Ai, akulu, isiyeni. Amene anaiyatsa ndiye aizime." Anati kompyuta ikayenda maulendo atatu otsatana m'mikhalidwe yonga ija osaonanso colakwa, izima nyali yokha; ndipo umenewo ndiwo umboni wakuti bvuto latha, si kuti labisika. Masiku awiri tinayenda nayo iri ciyakire, aphungu a mu komboni akutiseka. Mmawa wa tsiku lacitatu atsibweni analiza injini, nyali inayaka kamphindi monga icita nthawi zonse, nizima. Fuel trim inakhazikika pa 3. Ndinalemba m'kabuku tsiku lace ndi makilomita.

Wina anganene kuti, popeza galimoto inali kuyenda, bwanji osangomata tepi? Ndiyankha ziwiri. Ciboo cija cinali kulowetsa mpweya wosapyola pa fyuluta, ndipo pa miseu ya kumudzi pfumbi likadamka m'masilinda kukadya maring'i. Ndiponso mng'alu wa mphira sucepa, ungokula. Koma cacikulu ndi ici: nyaliyi ndi imodzi, pamene zolakwa zimene icenjeza ndi mazana. Ikakhala yoyaka kale, kapena yomatidwa tepi, colakwa caciwiri cikadza simudzadziwa. Ndani wa inu angalole kutsikira pansi ndi cida coyesera mpweya woipa cimene cingolira tsiku lonse, kapena cimene wina anacitseka pakamwa?

Za catalytic converter ndinene pang'ono, pakuti ikhudza ena a inu owerenga. Mkati mwace muli platinamu, paladiyamu ndi rodiyamu, zitsulo zimene anzathu a ku Rustenburg, ku Ngezi ndi ku Shurugwi akumba. South Africa yokha itulutsa platinamu woposa theka la wa dziko lonse lapansi. Zitsulo zimenezi ndizo zisandutsa mpweya waululu wa mu utsi kuti ukhale wosabvulaza kwambiri. Cifukwa ca mtengo wace, alipo ena okonda kuuza mwini galimoto kuti cimgoloco cafa, nacicotsa ngati amthandiza, nakacigulitsa. Cathu cinalibe mlandu konse, pakuti nambala yace ya P0420 siinaoneke. Ndipo pa galimoto zokhala ndi sensa yaciwiri kumbuyo kwace, kucicotsa ndiko kuyatsa nyali yomweyo.

Musiyanitsenso kayakidwe ka nyali. Ya Check Engine ikayaka cikhalire, galimoto ingathe kuyenda pang'ono-pang'ono kufika kwa mmisiri, koma musapyole masiku ambiri. Ikaphethira, ndiye kuti silinda iphonya moto kwambiri, ndipo petulo wosapsa akupita ku ekzozi kumene atentha catalytic converter. Cepetsani liwiro, muime msanga. Koma nyali zofiira, ya oilo ndi ya kutentha kwa injini, sizifuna kukambirana: patukani, zimani injini nthawi yomweyo. A galimoto za dizilo, anchito a mu injini yanu ndi ena, ndipo nambala zanu kawiri-kawiri zikhudza vavu ya EGR yodzala mwaye, kapena dizilo wosafika ndi mphamvu. Koma kafufuzidwe kace ndi komweku.

Atsibweni atapuma nchito anapakira katundu wao wa zaka 26, nadzera ku Kapiri Mposhi, ku Kabwe ndi ku Lusaka, natenga Great East Road, natsika ndi kukwera zitunda za pafupi ndi mlatho wa Luangwa kumene galimoto zambiri ziwira madzi, napyola Nyimba ndi Petauke kufika ku Katete, makilomita oposa 800. Kabuku kaja kali mu galimoto momwemo, ndipo mwana wao wamkazi ndiye alembamo tsopano. Nyali siinayakenso. Koma mbali imodzi ya nyumba inafoleredwa ndi udzu, kudikira malata a caka cotsatira.

KWA OFUNA KUGULA

Tsono inu amene ndalama zikali m'thumba, cherani khutu. Potembenuza kiyi, injini isanalire, nyali zonse ziyenera kuyaka, ndi ya Check Engine yomwe; ikapanda kuyaka, dziwani kuti wina anacotsa babu kapena anaimata. Nyali yozima lero si umboni, pakuti wogulitsa angathe kuifafaniza mmawa womwewo. Pemphani kuyenda nayo masiku awiri kapena atatu, pa mseu ndi poima pomwe. Ngati akana, makina oyesera aonetse ngati kompyuta yatsiriza kudziyesa, cifukwa yofafanizidwa kumene ikhala isanatsirize.

Ndipo inu amene nyali yayaka kale, musayambe ndi batire, pakuti mufafaniza umboni. Lembani tsiku, malo, ndi mmene galimoto inaliri. Ku garaja pemphani nambala yeni-yeni, muilembe nokha pa pepala, ngakhale Cingelezi simucimva. Pa mgodi uli wonse pali mwana wa sukulu kapena kalaliki amene angakuwerengereni. Musanatulutse ndalama funsani mwaulemu kuti, "Mwayesa ciani kuti mudziwe kuti citsulo ici ndico cafa?" Mmisiri woona sakwiya ndi funso limeneli, koma atenga makina nakuonetsani. Amene akwiya, mlipireni zoyesera zokha, mukafunse kwina.

Tsalani bwino nonse pa nchito zanu, a pansi ndi a pamwamba. Ndine mnzanu, kalaliki wa ku Kitwe.